Mwana wasankhidwa ku yunivesite ya boma, koma pa mndandanda ili kumchira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Zikomo achikulire. Ndine mayi wa ana anayi, ndimalima fodya ndi soya. Mwana wanga wamkazi wachisamba wasankhidwa ku yunivesite ya boma kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Tsiku limene dzina linatuluka tinavina pakhomo pano mpaka fumbi koboo. Koma alongo anga amene ali ku Joni anditumizira pa WhatsApp mndandanda wa mayunivesite a mu Africa, ndipo kumene mwanayu wasankhidwa kuli kumchira kwenikweni, mpaka chala chinatopa ndi kutsitsa foni. Amalume akewo akuti digiri ya kumeneko ndi pepala chabe, bola mwana apite ku Joni akalowe koleji ina imene akuti ili pamwamba. Kuti zimenezo zitheke ndiyenera kugulitsa ng'ombe ziwiri ndi dimba. Kodi mindandanda imeneyi imanena zoona? Ndikuopa kumuphera tsogolo mwana."

Mayi, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola, ndipo gule amene munavina uja musamuchitire manyazi. Ana amene amakhoza MSCE chaka ndi chaka ndi ochuluka zedi poyerekeza ndi malo amene alipo m'mayunivesite a boma, ndiye mtsikana wochokera pakhomo pa mlimi akapeza malo, pa sayansi pomwe, ndiye kuti walimbadi. Alongo anu sakukufunirani zoipa. Mwini mbumba akaona nambala yoipa pafupi ndi dzina la sukulu ya mphwake, mtima umamuwawa. Chimene chavuta n'chakuti nambalayo akuiwerenga ngati ikuyankha funso limene siinafunsidwe n'komwe.

Ine ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoona za maphunziro pa yunivesite, ndipo mafomu amene eni mindandandayi amatumiza ndinawadzazapo ndi manja angawa. Ndiye ndikuuzani mmene nsimayi imaphikidwira kukhitchini, osati mmene imaonekera ili m'mbale.

Anthu ambiri akaona mndandanda wa mayunivesite amaganiza za ligi ya mpira. Koma pa ligi, Bullets ndi Wanderers amakumana pabwalo, anthu n'kuona ndi maso amene wagoletsa. Mayunivesite sakumana pabwalo lililonse. Palibe amene anatenga ana a ku Zomba ndi a ku Cape Town n'kuwalembetsa mayeso amodzi kuti aone amene waphunzitsidwa bwino. Chimene chimachitika n'chakuti kampani kapena bungwe lina limasankha zinthu zingapo zosavuta kuwerenga, n'kugamula lokha kuti ichi chilemere chonchi, ichi chonchi, kenaka n'kuphatikiza malikisi. Inu mumadziwa za ku okushoni. Wogula amapatsa fodya giredi potengera tsamba limene msika wake ukufuna. Girediyo si yabodza, koma siinena ngati pakhomo pa mlimiyo ana akugona atakhuta.

Funso loyamba kwa alongo anu likhale lakuti: mndandandawu anapanga ndani? Ilipo yambiri, ndipo siigwirizana. Wakale kwambiri mwa ya dziko lonse lapansi ndi wa ku Shanghai, umene unayamba mu 2003 pamene dziko la China linkafuna kudziwa kuti mayunivesite ake atsalira motani poyerekeza ndi a ku America. Pa malikisi 100 alionse a mndandanda umenewu, 30 amachokera pa chiwerengero cha aphunzitsi ndi ophunzira akale amene analandira mphoto ya Nobel kapena mendulo ya masamu ya Fields. Tangoganizani. Mwana wanu akupita kukaphunzira mmene angaphunzitsire Physics ku sekondale ya kumudzi, ndipo sikelo ikufunsa kuti pasukulupo padutsa anthu angati a Nobel. Mu 2004 kunabwera mndandanda wa Times Higher Education mogwirizana ndi kampani ya QS, onse a ku Britain. Anapatukana mu 2009, aliyense n'kumatulutsa wake. Wa QS umadalira kwambiri mbiri: amatumiza mafunso kwa akatswiri a m'maiko osiyanasiyana kuti atchule mayunivesite amene amawaona kuti ndi apamwamba. Kwa zaka zambiri gawo limeneli lokha linkatenga malikisi 40 pa 100, ndipo pano linatsitsidwa kufika pa 30. Pulofesa wa ku Toronto kapena Seoul akafunsidwa za mu Africa amatchula dzina limene analimvapo. University of Cape Town mizu yake inayamba mu 1829, Makerere ya ku Uganda mu 1922. Yathu yoyamba, University of Malawi, inatsegula zitseko mu 1965, Mzuzu University inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndipo MUST ya ku Thyolo mu 2014. Mbiri imabala mbiri inzake, ndipo wobadwa dzulo sangapikisane ndi agogo pa nkhani ya kudziwika.

Wa Times Higher Education uli ndi mpanda wake pakhomo. Kuti yunivesite ilowe mu mndandanda wao wa dziko lonse, iyenera kukhala itasindikiza nkhani za kafukufuku zosachepera 1,000 m'zaka zisanu. Yunivesite yaing'ono imene ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa imatha kusowamo, osati chifukwa yalephera mayeso, koma chifukwa sinaloledwe n'komwe kulowa m'chipinda cha mayesocho.

Koma ndikukayika ngati umene munalandirawo ndi umodzi mwa atatuwa. Mindandanda italiitali imene imazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ija imakhala ndi yunivesite iliyonse mpaka chala kutopa, kawirikawiri imakhala ya Webometrics kapena ina yofanana nayo ngati uniRank. Webometrics inayamba mu 2004 ndi gulu la ofufuza a ku Spain, ndipo cholinga chao chinali kulimbikitsa mayunivesite kuika ntchito zao poyera pa intaneti. Theka lathunthu la malikisi ake limachokera pa kuchuluka kwa masamba ena a pa intaneti amene amaloza ku tsamba la yunivesiteyo. Si za m'kalasi zimenezo, mayi. Ndi za webusaiti.

Ndikumbukira chaka china tsamba lathu linazima kwa masabata angapo. Makina amene ankalisunga anali m'kachipinda kena kumapeto kwa khonde, magetsi atathimathima anapsa, ndipo ndalama zogulira ena zinadikira kusainidwa. Litabwerera, anyamata a makompyuta anasinthanso adiresi ya masamba ambiri, maulalo akale onse n'kufa. Mndandanda wotsatira utatuluka tinapezeka tatsika kwambiri. Akuluakulu anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi, nkhope zili gwaa ngati pamaliro. Ndinakhala kumbuyo ndikuyang'ana pawindo, ndipo kunjako mphunzitsi wathu wa Chemistry, yemwe uja wa chaka chatha ndi dzana, ankadutsa atanyamula katoni ya mabotolo kupita ku labu, ana ali pambuyo pake. Palibe chimene chinasintha kwa anawo. Chinasintha ndi makina a kumapeto kwa khonde.

Pali nkhani inanso ya kwathu konkuno imene anthu otumizirana mindandanda saiganizira. Mpaka mu 2021, University of Malawi inali ambulera imodzi yofunditsa Chancellor College, Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Bunda inali itachoka kale kukakhala LUANAR. Mu May 2021 ambulerayo inagawidwa: Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji awiri a zaumoyo anaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina lakale linatsalira ku Zomba. Tsono kafukufuku wa ku Malawi amene amatchulidwa kwambiri kunja ndi wa zachipatala. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, madokotala akhala akufufuza za malungo, edzi, taifodi ndi katemera mogwirizana ndi anzao a ku Liverpool ndi ku America kwa zaka makumi angapo. Ngakhale njira imene madokotala a m'maiko ambiri amayezera mwana wokomoka ndi malungo imatchedwa ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score. Mayunivesite atagawana, ntchito yatsopano yotere inayamba kulembedwa pa dzina latsopano. Wowerengera ali ku London kapena ku Madrid amangoona dzina limodzi likuchepa mphamvu, maina ena achilendo akutulukira opanda mbiri. M'kalasi ya malamulo ku Zomba kapena ya uinjiniya ku Chichiri aphunzitsi anali omwewo, mabuku omwewo. Banja likagawana ng'ombe, khola lililonse limaoneka laling'ono, koma ng'ombe sizinafe.

Apa muonenso chinthu china. Nkhani za zamankhwala zimasindikizidwa zambiri ndipo zimatchulidwa msanga ndi ofufuza ena, pamene za uphunzitsi, mbiri yakale kapena zilankhulo zimayenda pang'onopang'ono. Choncho yunivesite imene ili ndi sukulu ya udokotala imakwera mosavuta kuposa imene imasula aphunzitsi, ngakhale zonse zikugwira bwino ntchito yake. Katswiri amene watha zaka akulemba mtanthauziramawu wa Chichewa, kapena amene walemba kabuku kothandiza alangizi a zaulimi kuthana ndi ntchemberezandonda, ntchito yake siioneka pa sikelo zimenezi, chifukwa zimawerenga makamaka magazini a ukatswiri a m'Chingerezi amene ali m'kaundula wao.

Mwina mukuti izi ndi zodandaula za ife otsalira. Ayi, ngakhale kwa eni akewo sikeloyi yachititsapo manyazi. Mu 2010 Times Higher Education inaika Alexandria University ya ku Egypt pa nambala 147 pa dziko lonse lapansi, ndipo pa gawo la kutchulidwa kwa kafukufuku inali pa nambala 4, pamwamba pa Harvard. Anthu atafukula anapeza kuti zambiri zinachokera kwa wasayansi mmodzi amene ankasindikiza nkhani zake zochuluka m'magazini imene mkonzi wake anali iye mwini. Ku America, mu 2022, pulofesa wa masamu pa Columbia University, Michael Thaddeus, anaonetsa poyera kuti ziwerengero zina zimene yunivesite yakeyo inkapereka kwa a U.S. News & World Report, eni mndandanda wa mayunivesite a ku America, sizinali zoona. Columbia inali pa nambala 2, ndipo mndandanda wotsatira inapezeka pa 18. Sindikudabwa nazo. Fomu ikafunsa kuti muli ndi aphunzitsi angati, mumayamba kufunsana: amene ali ku sukulu kunja kwa zaka zinayi timuwerenge? Nanga waganyu amene amabwera Lachiwiri lokha? Mukawerenga onse, chiwerengero cha ana pa mphunzitsi aliyense chimaoneka chokongola. Palibe amene wanama poyera, koma ndowa yaphwanyidwa m'mbali. Chifukwa cha zotere mayunivesite ena anangokana kulowa nawo mpikisanowu. Rhodes University ya ku South Africa komweko inanena poyera kuti siipereka ziwerengero zake kwa eni mindandanda, ndipo Utrecht University ya ku Netherlands, imene inali pamwamba ndithu, inatulukamo mu wa Times Higher Education mu 2023.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri pa nkhani ya mayunivesite a boma n'cha ku America komweko. Mndandanda wa U.S. News unayamba mu 1983, ndipo kwa zaka zambiri pamwamba pake pankadzaza mayunivesite olemera omwe si a boma. Zina mwa zimene ankawerenga zinali kuchepa kwa ana m'kalasi ndi kuchuluka kwa ophunzira akale amene amapereka mphatso za ndalama ku sukulu yao. Yunivesite ya boma imene imalandira ana zikwizikwi a anthu wamba ingapambane bwanji pamenepo? Mu 2023 eni mndandandawo anachotsa zinthu ziwirizi, n'kuonjezera kulemera kwa funso lina: kodi ana ochokera m'mabanja osauka akalowa pasukulupo amamaliza? M'chaka chimodzi chomwecho Rutgers, yunivesite ya boma ya ku New Jersey, inachoka pa 55 kufika pa 40, pamene Vanderbilt, yomwe si ya boma, inatsika kuchoka pa 13 kufika pa 18, akuluakulu ake n'kulemba kalata yodandaula. Palibe nyumba imene inamangidwa kapena kugwa m'miyezi imeneyo. Anangosintha miyala ya pa sikelo.

Yunivesite ya boma ili ndi katundu amene inzake yoyendera phindu kapena yolemera ilibe. Imauzidwa kuti ilandire ana ambiri, fizi ikhale yoti mlimi angaifikire, ndipo iphunzitse maphunziro amene dziko likufuna ngakhale sabweretsa ndalama kapena kutchuka: anamwino, aphunzitsi, alangizi, oyeza malo. Zili ngati mmene timaonera zotsatira za MSCE. Sukulu yogonera konko imene inasankha ana okhoza kwambiri ku Sitandade 8 ikakhozetsa onse timaiombera m'manja, pamene CDSS imene inatenga otsala n'kukhozetsa theka timaiseka. Koma mphunzitsi amene wagwira ntchito yaikulu ndi uti pamenepo?

Tsono ndisakunamizeni kuti mindandandayi ndi mphepo yokhayokha. Muli choonadi chowawa mkati mwake. Imaonetsa kumene kuli ndalama, ndipo ndalama zimagula zinthu zenizeni: makina a mu labu, mabuku atsopano, aphunzitsi a PhD amene sathawa, nthawi yoti mphunzitsi afufuze m'malo mothamangira maganyu. Thumba la chuma la Harvard lokha limaposa madola 50 biliyoni, kuchulukitsa kangapo chuma chonse chimene dziko lathu limapanga pachaka. Mayunivesite a ku South Africa a Wits, Cape Town, Stellenbosch ndi Pretoria akakhala pamwamba pa mayunivesite athu pa kafukufuku, si kukondera, alidi patsogolo. Ndipo kwathu kuno mavuto alipo amene mwana wanu akakumana nawo: makalasi odzaza mpaka ena kumvera pawindo, malo ogona osakwanira moti ambiri amachita lendi m'makomboni ozungulira sukulu, ndi kalendala imene nthawi zina imasokonekera. Anthu a msinkhu wanga akukumbuka 2011, pamene Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa chifukwa cha mkangano wa ufulu wa aphunzitsi. Chodabwitsa n'chakuti mavuto enieniwa, amene amakhudza mwana tsiku ndi tsiku, mndandanda wa pa WhatsApp uja suwayeza. Umakuopsezani ndi zimene sizikukhudzani, n'kukhala chete pa zimene muyenera kufunsa.

Malo amene nambala imagwiradi ntchito alipo, koma ndi ochepa. Mu 2022 dziko la Britain linayambitsa chiphaso chotchedwa High Potential Individual, cholola omaliza maphunziro pa mayunivesite ena kukafuna ntchito kumeneko. Pamene chinkayamba, yunivesite inkayenera kukhala m'gulu la 50 oyambirira pa mindandanda iwiri mwa itatu ikuluikulu ija, ndipo mu Africa monse simunapezeke ngakhale imodzi, ndi Cape Town yomwe. Ndiye khomo limenelo silitseguka ndi ulendo wa ku Joni. Koma khomo limene ana athu ambiri amadzera, la digiri yachiwiri kudzera m'thandizo ngati la Chevening kapena Commonwealth, limayang'ana zina: kodi yunivesite yako ndi yovomerezeka kwanu, unakhoza bwanji, wagwira ntchito yanji, ndipo aphunzitsi ako akukuchitira umboni wotani. Ndalembera makalata a umboni ana ambiri amene anachokera pa sukulu za kumchira kwa mndandanda n'kukachita bwino kunja. Amene anakanidwa, chinawagwetsa ndi malikisi ao kapena kalata yao yofunsira malo, osati nambala ya sukulu.

Mwana sakaphunzira pa yunivesite yonse, mayi. Akaphunzira mu dipatimenti imodzi, kwa aphunzitsi mwina khumi, m'zipinda zitatu kapena zinayi. Pa yunivesite yotchuka pamatha kukhala dipatimenti yogona tulo, ndipo pa yosatchuka pamatha kukhala ina yoti olemba ntchito amalimbirana ana ake. Choncho mafunso anu alunjike pamenepo. Loyamba ndi la chivomerezo: bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), lija limayendetsanso kasankhidwe ka ana opita ku mayunivesite a boma, ndilo limaunika ndi kuvomereza maphunziro, ndipo limatulutsa maina a sukulu ndi maphunziro ovomerezeka. Onani kuti pulogalamu yeniyeni ya mwana wanuyo ilipo, osati dzina la yunivesite lokha. Kenaka mwanayo apeze wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi pa maphunziro omwewo, ndipo masiku ano sizivuta, magulu a pa WhatsApp a ana osankhidwa amayamba dzina lisanaume pa pepala. Amufunse zinthu zooneka: mu labu mumagwira nokha zipangizo kapena mumangoonerera mphunzitsi? Zotsatira za mayeso zimatuluka pa nthawi yake? Amene analowa zaka zinayi zapitazo amaliza, kapena akadali pomwepo? Popita kukayeserera kuphunzitsa m'masekondale, aphunzitsi amabweradi kudzakuonani m'kalasi? Anzanu amene anamaliza chaka chatha ali kuti? Wophunzira wa chaka chachinayi sadzakubisirani kanthu, amakhala atatopa kale ndi ulemu.

Mufunsenso mphunzitsi wamkulu wa pa sekondale imene mwanayu anaphunzira. Iyeyo amalandira aphunzitsi ochokera m'mayunivesite ndi m'makoleji osiyanasiyana, ndipo amadziwa amene amafika atakonzeka kugwira choko ndi amene amayamba kuphunzitsidwanso. Kwa munthu amene adzakhale mphunzitsi ku Malawi, mawu a mkulu ameneyu ndimawalemekeza kuposa a kampani ya ku London.

Tibwere ku nkhani ya ku Joni, chifukwa apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Alongo anu akuti "koleji ina imene ili pamwamba". Pamwamba pa mndandanda uti? South Africa ili ndi mayunivesite a boma 26, ndipo amene amamveka pa mindandanda ndi ena mwa amenewo. Koma m'tauni ya Johannesburg mulinso makoleji ambirimbiri a m'nyumba zosanja, chipinda cham'mwamba pamwamba pa shopu ya mafoni, chikwangwani chachikulu chonena kuti ndi nambala wani. Ena ndi olembetsedwa ndipo amaphunzitsa bwino. Ena ndi achinyengo, moti boma la kumeneko limachenjeza anthu chaka ndi chaka nyengo yolembetsa ikafika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Unduna wao woona za maphunziro apamwamba, Department of Higher Education and Training, umasunga kaundula wa makoleji omwe si a boma ololedwa, ndipo aliyense angamuone pa intaneti. Koleji ikakhala mulibemo, kapena ilimo koma maphunziro amene akukuuzaniwo sanalembedwe pansi pa dzina lake, pepala la kumeneko ndilo lidzakhaladi pepala chabe, kuno ndi konko komwe.

Ngakhale itakhala yunivesite yeniyeni ngati Wits kapena University of Johannesburg, njira yake si yongokwera basi. Kawirikawiri MSCE payokha siikwanira kulowera digiri mwachindunji kumeneko. Pamafunika chikalata cha Matriculation Board chotsimikiza kuti maphunziro a mwanayo akufika pa muyezo wao, ndipo ambiri amayamba adutsa ku A-Level kapena chaka cha maphunziro ena. Pamafunikanso chiphaso cha ophunzira, inshulansi ya zaumoyo ya kumeneko, malo ogona ndi chakudya, zonse m'marandi. Ana ochokera m'maiko a SADC amachepetseredwa fizi poyerekeza ndi ochokera kutali, komabe mulimi wolandira makwacha ndiye amamva kulemera kwake. Mukukumbuka November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Makolo amene anali ndi ana kunja anadzuka ngongole yao itakula ndi pafupifupi theka asanagule kanthu. Ng'ombe ziwiri ndi dimba mwina zingakwanire chaka choyamba. Digiri ndi zaka zitatu kapena zinayi, ndipo kumbuyoku kuli ana ena atatu amene dimba lomwelo likuwadyetsa. Ana amene ndawaona akuvutika kwambiri si amene anaphunzira pa yunivesite yosatchuka, koma amene anasiyira pakati kunja ndalama zitatha, n'kubwerera opanda pepala lililonse, malo ao a kuno atapita kale kwa wina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo inu mlimi wa fodya simufuna womasulira.

Kuno mwana wosankhidwa ku yunivesite ya boma angathe kufunsira ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Si onse amene amapatsidwa, ndipo ndalamayo siikwanira zonse, koma ndi thandizo limene ku Joni sakalipeza. Mafomu ake ali ndi nthawi yotsekera, choncho musadikire kuti mkangano wa m'banjawu uthe kaye. Afunsiretu.

Pali nthawi zina pamene ndingakuuzeni kuti muganizirenso. Ngati mutapeza kuti pulogalamu imene wasankhidwayo siili pa maina ovomerezeka, pitani kapena imbani ku NCHE ku Lilongwe mumve kwa eni ake musanalipire kalikonse, ndipo mufunsenso ku ofesi ya Registrar wa yunivesiteyo. Ngati mwanayo mtima wake suli pa uphunzitsi, akungopita chifukwa ndi kumene dzina latulukira, imeneyo ndi nkhani ina yofunika kukhalirana pansi, ndipo afunse ku yunivesiteko ngati malamulo ao amalola kusintha maphunziro. M'kalata yanu mwandiuza maganizo a amalume ake ndi mantha anu, koma simunandiuze zimene mwiniwakeyo akunena. Mufunseni ali yekha, amalume asali pa foni. Ndipo ngati alongo anu angapeze malo enieni pa yunivesite yeniyeni, ndi kalata yomuitana yolembedwa, ndi thandizo la ndalama lolipira zaka zonse osati lonjezo la pakamwa, pamenepo nkhani yasintha, mundilemberenso tidzaunike limodzi. Apo ayi, njira ya kunja siithawa. Ambiri amene mukuwaona ndi madigiri a ku Cape Town kapena ku Britain anayambira konkuno, n'kupita kukachita yachiwiri ndi ndalama za eni ake.

Poyankha alongo anu musakangane nawo za mndandanda, mungangopsetsana mitima pa foni. Athokozeni chifukwa choganizira mphwao, kenaka apempheni zinthu zitatu: dzina lonse la kolejiyo monga lalembedwera pa chikalata chake, nambala imene inalembetsedwera ku boma la South Africa, ndi pepala la fizi ya zaka zonse kuphatikizapo malo ogona. Auzeni kuti pamene akufufuza zimenezo, mwana akhala akukonzekera kupita kumene waitanidwa, kuti tsiku lolembetsa lisamudutse. Zikabwera, mwana wanu yemweyo akhoza kutsegula kaundula uja pa foni n'kufufuza dzinalo, inu mutakhala pambali pake.